Chofunda Chimene Chinasamutsa a Eneya

A Eneya Mulepa ndi telala. Kwawo ndi ku Jenala, koma anakwatira kuno ku Mkhumba, ndipo monga mwa mwambo wathu anadzakhala kwa mkazi. Inenso ndine mkamwini m'mudzi womwewu. Ndimakhoma zidebe, ndipo nyumba yanga inayang'anizana ndi yawo. Zimene ndikulembazi ndinaziona ndekha.

Anafika kuno ali mnyamata. Apongozi anawalozera malo pafupi ndi mtengo wa mango, iwo n'kuumba njerwa, kuwotcha, kumanga, patapita zaka n'kufolera malata. Ana anabadwa, ena anamwalira ali aang'ono. Wotsala ndi Ufulu, amene ali ku Joni ndi mwamuna wake. Masiku a msika a Eneya ankasokera pakhonde la golosale ku Migowi, masiku ena kunyumba. Sanali munthu wa nkhani. Ukapita ndi buluku long'ambika ankangokuuza tsiku lodzatenga.

Zofunda za zigamba anaziphunzira pa kaunjika. Anagula chofunda chakunja chothaitha, ndipo atachiyang'anitsitsa anaona kuti ulusi wake sukuyenda mzere, ukungokhotakhota ngati njira za chiswe. Anachiphwasula pakona n'kupeza kuti pamwamba pali zigamba zolumikiza, pakati chofewa, pansi nsalu imodzi, ndipo ulusi wokhotakhotawo ndiwo wagwira zonse pamodzi.

Makina opalasa ali ndi timano pansi pa singano, tokokera nsalu kutsogolo kokha. A Eneya anabwera kwa ine kuti ndiwadulire kachitsulo ka chitini kophimba timanoto, kokhala ndi kabowo kolowa singano. Anachotsanso kaphazi kopanikiza nsalu. Zikatero makina sakokanso kanthu. Mapazi amapalasa, manja ndiwo amayendetsa nsalu kulikonse kumene ukufuna. Mapazi akathamanga manja n'kuchedwa, ulusi umaunjikana malo amodzi. Manja akathamanga, singano imathyoka. Anathyola masingano ambiri asanazolowere, ndipo ina inawaboola chikhadabo.

Chovuta kwambiri ndi kulemera. Chofunda cha bedi lalikulu chikalendewera pansi chimakoka, singano n'kupindika. Pamafunika munthu wachiwiri wochinyamula. Munthu ameneyo anali akazi awo, a Felista. Ankachikulunga ngati mphasa, n'kuchisenza paphewa, n'kumachiperekera pang'onopang'ono amuna awo akupalasa. Ntchito yonse ankaigwira akukangana.

"Mukukoka, mayi a Ufulu."

"Sindikukoka ine. Ndinu mukupalasa ngati mukuthawa mvula."

"Tsitsani phewa."

"Kakwatireni tebulo, bambo a Ufulu. Tebulo siliyankha."

Aphunzitsi ndi anamwino ankagula zofundazo. M'nyumba mwa osokawo munalibe n'chimodzi chomwe. Ankafunda bulangete lakale lotuwa.

Chaka chatha a Felista anadwala m'mimba. Anapita nawo kuchipatala, anabwerako, thupi linkangotha. Pofika Juni, mphepo ikutsika m'phiri, ankanjenjemera ngakhale masana. Tsiku lina ndili pakhonde pawo kumata chidebe, anatulutsitsa bokosi lawo la zovala, n'kuuza amuna awo kuti adule zitenje zonse, awasokere chofunda.

A Eneya anakana. "Abale anu adzati chiyani?"

"Ndafa kale kodi? Nsaluzi ndinagula ndi nandolo wanga. Mwafunditsa Migowi yonse, ine ndifere m'chiguduli? Dulani."

Anadula. A Felista ankaloza ali chigonere, iyi ikhale apa, iyo ikhale apo. Zidutswa zake zinali zazikulu, chilichonse chokwanira mpango wa kumutu. Pakati penipeni anaikitsa chitenje chakale cha masamba obiriwira chimene anasiya malemu amayi awo. A Eneya analumikiza zidutswa zonse, nsalu ya pamwamba inatha. Asanaiphatikize ndi bulangete, a Felista anamwalira. Munali mu Julayi.

Kwathu kuno zovala za mkazi womwalira si za mwamuna. Zimachapidwa, abale ake n'kugawana, aliyense atengeko kake. Zikapanda kugawidwa, maliro amakhala ngati sanathe. Titaika maliro, abale anakhala pansi pa mango. Panali a Jenifer, akulu awo a malemuwo, ndi alongo awo a Goodman, amene ndi mwinimbumba. Bokosi litatsegulidwa munapezeka mabulauzi ochepa ndi nsapato.

"Nsalu zili kuti, alamu?" anafunsa a Jenifer.

A Eneya analowa m'nyumba, anatuluka ndi nsalu yolumikizayo n'kuiyala pamphasa. Amayi amene analipo anayamba kuzindikira zitenje, ichi cha pa ukwati wa uje, icho cha ku tchalitchi. A Jenifer anagwada n'kugwira chapakati chija.

"Iyi ndi ya amayi. Felista ankangoisunga, sinali yake. Imayenera kubwera kwa ine, ine n'kudzasiyira mwana wanga. Mwaidula ndi sizasi ngati chigamba cha yunifolomu."

"Anandiuza okha," anatero a Eneya.

"Munthu wodwala amanena zambiri. Akanati muwotche nyumba mukanawotcha?"

Ine ndinaimirira n'kunena kuti ndinalipo, ndinamva malemuwo akulamula. A Jenifer sananditembenukire n'komwe.

"Inu a zidebe, mbumba ino mwabadwiramo liti?"

Ndinakhala pansi.

A Goodman si munthu woipa. Analankhula mofatsa. "Alamu, mwakalambira pano. Palibe akufuna kukuthamangitsani. Nyumbayi ndi ya Ufulu, ndipo Ufulu kulibe, ndiye mukhoza kumamusungira mpaka imfa yanu. Koma tengani lezala mumasule. Chidutswa chilichonse chikhale pachokha, tichape, tigawane, mwambo uthe. Tsiku lodzakusudzulani tidzazipeze m'dengu."

Kusudzula ndi tsiku limene abale a mkazi amamasula wamasiye. Pa tsiku limenelo amanena ngati munthu atsale kapena abwerere kwawo. Analiika mwezi wotsatira. Aliyense amene anali pansi pa mango paja anamva tanthauzo lake: akamasula atsala, akapanda kumasula apita.

Anthu atabalalika ndinawatsatira a Eneya.

"Achimwene, masulani. Ndi ntchito ya tsiku limodzi. Ku Jenala muli ndi munda? Muli ndi nyumba?"

"Ndilibe."

"Ndiye?"

"Anati ndisoke."

"Anati musoke kuti afunde. Pano afunda dothi."

"Anati ndisoke," anabwereza, n'kulowa m'nyumba.

M'mawa mwake ndinamva makina. Nditasuzumira ndinaona kuti azula chitseko cha kuchipinda, achigoneka pa migolo kumanzere kwa makina kuti chikhale ngati tebulo. Kudenga la khonde anamangako zingwe, n'kupanira m'mphepete mwa chofunda ndi zopanira zovala kuti chisakhudze pansi. Pakati anaikapo bulangete lotuwa lija, pansi nsalu ya pabedi pawo. Anazigwiriza ndi mapini, n'kuyambira pakati, pa chitenje cha masamba obiriwira.

Munthu wosadziwa ntchitoyi akanati akungosoka. Ine ndinaona kuti asintha kasokedwe. Zofunda zogulitsa ankasiya mpata wa zala zitatu pakati pa mizere ya ulusi. Apa mpata sunkakwana n'chala chimodzi chomwe. Nsalu yongolumikiza imamasuka ndi lezala. Yosokedwa chotere simasukanso, ndipo iwo ankadziwa.

Sanabise. Ankasokera pakhonde, dzuwa likuwala, njira ya ku mjigo ikudutsa pomwepo. A Jenifer anaima ndi ndowa pamutu.

"Alamu, lezala yanu ndi yaphokoso bwanji."

"Mwadzuka bwanji, alamu?"

"Tadzuka. Inu mwadzuka ndi mphamvu, tikumva. Mayi athu mukuwabaya kangati pa tsiku?"

Mapazi a Eneya sanaime.

"Sokani," anatero a Jenifer. "Muthe msanga, kuli ulendo."

Sanapemphe munthu kuti awanyamulire, ndipo palibe anadzipereka. Chitseko ndi zingwe zinkathandiza, koma chitseko sichidziwa nthawi yoperekera nsalu. Ankasoka kadera kakang'ono, n'kuima, kudzuka, kumasula zopanira, kusuntha chofunda chonse, kupaniranso, n'kukhala pansi. Tsiku lonse choncho. Mawondo anatupa. Lamba wa makina anaduka, anamulumikiza ndi waya. Ku Migowi anasiya kupita. Chimanga chawo chinali chikadali m'matumba osathira mankhwala, anankafumbwe akudya, iwo ali pa makina.

Ufulu anaimba foni kuchokera ku Joni. Kumaliro sanabwere, mapepala ake oyendera anali osalongosoka. Anapempha amalume ake kuti akhululuke. Anapemphanso bambo ake kuti amasule. A Eneya anamvetsera, anafunsa za zidzukulu, n'kubweza foni kwa mwini wake.

Ndinene zoona za ntchitoyo. Pakati inali yabwino kuposa zonse zimene anasokapo. M'mphepete, kumene kulemera kunkawagonjetsa, ulusi unapita mokhota ndipo nsalu inachita makwinya. Wogula akanadandaula. Koma chinatha tsiku lisanafike.

Tsikulo tinakhalanso pansi pa mango. A Goodman anaika dengu pakati. A Eneya anatuluka atasenza chofunda, anachiyala pamphasa, n'kukakhala pampando wawo.

A Jenifer anamasula lezala pa mfundo ya chitenje chawo. Anagwada pa chidutswa cha amayi awo n'kuyamba kudula ulusi. Anadula umodzi, wina, wina, nsalu osasuntha. Anakanikiza, lezala inalowa m'nsalu momwemo n'kung'amba tsamba limodzi pakati. Anaiponya pansi. Analira, ndipo sikunali kulira kodzionetsera. Nsaluyo inalidi ya amayi awo.

A Goodman anadikira kuti atonthole.

"Alamu, tinakupemphani chinthu chimodzi pamaso pa anthu. Mwatiyankha ndi makina mwezi wathunthu, mudzi wonse ukumva. Ndikakusiyani pano, ine ndidzalankhulanso chiyani kwa alongo angawa? Takusudzulani. Makina ndi anu, tengani. Zovala zanu, njinga, ndi chimanga chokwanira kufika nacho kokolola, tengani. Nsalu ndi za mbumba, zitsala."

"Bulangete la m'katimo ndi langa," anatero a Eneya. "Ndinagula ndine."

"Litulutseni," anatero a Goodman.

Wina kumbuyo anaseka, n'kusiya msanga. A Eneya anayang'ana chofunda chija nthawi yaitali. Kenako anadzuka kukamasula makina.

Anachoka Loweruka pa ngolo ya ganyu. Amayi ena anawaperekeza mpaka pamsewu. Nyumba anaikhoma loko a Goodman, kudikira Ufulu, amene sananene tsiku lobwera. Pakhonde paja pamagona mbuzi.

Chofundacho anatenga a Jenifer. Kuchidula kuti agawane anaopa, chifukwa chidutswa chilichonse chikanatuluka ndi bulangete la wamasiye. Kuchifunda palibe akufuna. Ana awo amati chimalemera ngati munthu. Chinakhala pamtanda m'nyumba mpaka nyengo yokumba chinangwa, mphasa zitachepa. Tsiku lina ndinachiona pabwalo, atayanikapo makaka.

A Eneya ali ku Jenala kwa mwana wa mlongo wawo. Anawapatsa kanyumba kamene kanali kosungiramo makasu. Ndinapitako mwezi watha pa njinga. Ndinawapeza akusoka zipi ya buluku la sukulu, kaphazi atakabwezera pa makina, timano tili poyera. Za zofunda anasiya. Aonda, ndipo akutsokomola. Usiku amafunda jekete ndi thumba la fetereza.

Tinacheza za mvula ndi za mitengo ya nandolo. Nditaimirira kuti ndizipita anandifunsa.

"Akuchifunda ndani?"

"Palibe. Akuyanikapo makaka."

Anaika dzanja pa gudumu la makina.

"Mbali iti?"

"Ya zitenje."

"Mukawauze aziyanika mbali ya pansi. Dzuwa litha mtundu wa nsalu ya amayi awoyo."

Uthengawo ndinakapereka tsiku lomwelo. A Jenifer anali akusenda chinangwa. Anati amva.