Khomo Lachiwiri la Bwanamkubwa

Amuna anga ndi kalipentala, koma mukawatchula choncho amakukonzani pomwepo: iwo ndi mmisiri wa zitseko. Matebulo ndi mipando amati ndi ntchito ya anthu amene zitseko zinawakanika. Anthu a mumsewu mwathu anangowapatsa dzina loti aMahinjesi, ndipo eni ake amavomera monyadira. Tikapita kocheza, moni amabwera pambuyo. Amayamba atsegula chitseko cha eni nyumba, kutseka, kutsegulanso, khutu lili tcheru, kenako n'kufunsa kuti, "Anakuikirani ndani chimenechi?" Ine pamenepo ndimangoyang'ana kudenga.

Ali ndi lamulo lawo pantchito. Chitseko chilichonse akamaliza, amachiyesa ali mkati. Amati kunja kumanamiza. Chimenechi musachiiwale.

Tili ndi mwana mmodzi, wamkazi, wamkulu ndithu, amagwira ntchito m'sitolo ya mankhwala. Liuma anatengera bambo ake, osasiyako ngakhale pang'ono. Chaka chatha anayambana pa nkhani ya nthawi yofikira pakhomo. Bambo ake ankakiya chitseko chakumaso dzuwa likangolowa, mwana n'kumalowera chakukhitchini. Atazindikira, aMahinjesi anatenga hamala n'kukhomerera chakukhitchinicho ndi misomali, amvekere, "Nyumba yaulemu imakhala ndi khomo limodzi." Mwana analongedza zovala zake n'kukachita lendi kutsidya kwa tauni. Wovutika ndinali ine, kumadutsa pabalaza ndi ndowa ya zinyalala alendo ali khale.

Mwanayo anatisiyira chinthu chimodzi, kalulu wake woyera, wonenepa, wamakutu ogwa, amene ankamutcha Bwanamkubwa. Kumene ankachita lendiko ziweto ankakana. Ndiye Loweruka lililonse ankabwera ndi thumba la udzu wouma kudzamuona. Ndi bambo ake zinkangothera pa "Mwaswera?" "Ndaswera." Koma ine ndinkaona kuti Loweruka m'mawa bambowo ankameta ndevu n'kuvala malaya osita, kenako n'kukhala pabalaza ngati angopezekapo mwangozi.

Tsiku lina mwana anati, "Amayi, ndapeza nyumba ina, kumeneko amalola ziweto. Kumapeto kwa mwezi ndidzamutenga Bwanamkubwa. Kuno akungogona m'katoni."

Ndinachita mantha, sindibisa. Kalulu akapita, mwanayu adzabwereranji kuno? Iye ndi bambo ake palibe angayambe kupepesa mnzake, ndimawadziwa onse awiri. Mwana atangotuluka, aMahinjesi anadzambatuka pampando.

"Katoni? M'nyumba ya mmisiri? Ndimumangira nyumba yoti akadzaiona, adzachita manyazi kumusamutsa."

Nyumba yoyamba, abale inu! Inali ndi khonde, zenera, chitseko cha mahinjesi amkuwa, ndi kampiringidzo kake. Anaipaka vanishi mpaka munthu kumadziona nkhope. Modyera udzu anaikapo chivundikiro, akuti kuti asamawononge chakudya. Ndinawafunsa kuti kalulu azitsegula bwanji mpiringidzo, iwo anati azolowera. Bwanamkubwa anafika, kununkhiza, kuyetsemula, kumenya phazi pansi kuti phi! n'kubwerera m'katoni mwake, katoni ya sopo yakalekale imene anaiboola yekha uku ndi uku.

Yachiwiri sanaipake vanishi. Imeneyo kalulu anaikonda, koma ngati ndiwo. Pofika m'mawa anali atadya ngodya ya felemu. Amuna anga anakhala pansi atagwira felemuyo. "Mayi ake, ndakalambira pantchito imeneyi. Makasitomala ena anandinyoza, ena anandithawa. Koma wondidyera felemu ndi uyu woyamba."

Kenako panabuka nkhondo ya modyera. Mwana anali atanena kale kuti udzu uzipachikidwa pamwamba pa kabeseni kamene kalulu amadzithandizira, chifukwa iye amakonda kudya uku akuchita zinazo. AMahinjesi anakana kwamtuwagalu. "M'nyumba mwanga muno palibe wodyera kuchimbudzi!" Anakapachika modyeramo pafupi ndi poika nsapato. Bwanamkubwa sanatsutse, anangosamutsira chimbudzi chake komweko. Bambowo atapeza timibulu takuda m'nsapato yawo yakutchalitchi, modyera munabwerera pamwamba pa kabeseni popanda msonkhano.

Nyumba yachitatu inali yabwino ndithu, ndiyamikire. Matabwa osalala opanda utoto, denga lafulati loti kalulu akhoza kukwerapo, m'mbali mwake timitengo totalikirana bwino toti azisololapo udzu. Chitseko anachichotsa, ngakhale kuti zinawapweteka ngati akuzulidwa dzino, n'kusiya bowo lozungulira. Bwanamkubwa analowetsa mutu, kusuzumira, n'kubwerera chambuyo. Anamuikira karoti mkati. Anatambasula khosi, kukoka karotiyo, n'kukadyera m'katoni.

"Bambo ake, taonani katoniyo," ndinatero. "Ili ndi mabowo awiri. Mwina safuna kulowa poti wina akaima pakhomo, iye alibe kothawira."

"Katoni si nyumba," anandiyankha. Ndinangoti chabwino, mmisiri ndinu.

Loweruka lomaliza linafika kalulu asanagonemo ngakhale kamodzi. Bambowo anali atameta, atavala malaya osita, akuzungulira kanyumbako pabalaza. "Chilipo chimene chikumukhumudwitsa mkatimu. Mwina nsonga ya msomali. Kunja kumanamiza." Ndisanatsegule pakamwa, anagwada n'kulowetsa mutu pabowo lija. Makutu analowa bwinobwino. Kutuluka ndiye anakana.

"Mayi ake! Ndikokeni!"

Ndinakoka lamba, kanyumba kanabwera nawo. Ndinathira mafuta ophikira m'khosi, ndinayesa sopo, osatheka. Munthu wamkulu, wolemekezeka mumsewu monse, ali chogwada pakati pa balaza, mutu m'nyumba ya kalulu, kumbuyo kuli m'mwamba. Bwanamkubwa anatuluka m'katoni n'kuyamba kudya zingwe za nsapato zawo.

Nthawi yomweyo mwana analowa, dengu lonyamulira kalulu lili m'manja. Anaima. Anayang'ana ine, anayang'ana bambo ake, kenako anaphulika kuseka mpaka kukhala pansi. Kuseka kumeneko ndinali nditakusowa m'nyumba muno, moti nane ndinaseka misozi ili mbwembwembwe.

"Akuseka ndani?" mawu anatuluka m'bokosi.

"Ndine, bambo. Musagwedezeke."

Anakatenga sowo yaing'ono kushedi. Kucheka anaphunzitsidwa ndi iwo omwe ali wamng'ono. Anati aboola khoma lakumbuyo kuti alowetse dzanja, apinde makutuwo. Ali mkati mocheka, bambo ake ankalamulabe. "Tsatira mzere wa thabwa! Samala mphuno yanga!" Sowo inapitiriza kulira. Atayankhulanso, mawu anali ena.

"Muno ndi moopsa, mwanawe. Mdima, mpweya wochepa, khomo ndi limodzi, ndiye latsekeka."

"Watseka ndani, bambo?"

"Ndatseka ndekha."

Thabwa linagwa, kuwala kunalowa, awiriwo n'kuyang'anizana maso ndi maso, wina utuchi uli m'nsidze. "Usamutenge kaluluyu," anatero bambo ake motsitsa. Mwana analowetsa manja, kupinda makutu aja, kukankha pachipumi, mutu n'kutuluka kuti phwa!

Tikadali kupukuta mafuta, Bwanamkubwa anafika pakanyumba paja. Analowera kumaso, kutulukira kumbuyo. Anazungulira, kulowanso, kutulukanso. Ulendo wotsatira sanatuluke. Anagona chotambalala mkati n'kuyamba kusolola udzu pa timitengo tija, akutafuna ngati ndi iye analipira matabwa. Mwana anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako anakankhira dengu kuseri kwa mpando.

"Tione kaye ngati azolowere," anatero.

Tikumwa tiyi, tinamva kukhitchini misomali ikulira. Tinakapeza aMahinjesi ali ndi hamala, makutu ali psuu, akunyezimira mafuta, akuzula misomali ya chitseko chija. Osatiyang'ana n'komwe, anati, "Ndikungoona mahinjesi, angachite dzimbiri."

Madzulo mwana potsanzika anatulukira kukhitchini, dengu atalisiya. Anayenda mpaka pa chingwe choyanikira zovala, anaima, n'kubwerera kudzalowanso. Ndinamufunsa chimene waiwala. Anati palibe. Bambo ake anali ataima mkati, dzanja lili pachitseko, ndipo sanachitseke.