Mabawuti a galimoto akana kumasuka

Ana anga, moni.

Galimoto ikudya tayala, ndiye lero ndinapita kwa makaniko kuti awongole mawilo. Mabawuti apansi agwirana ndi dzimbiri. Wathira oyilo, wawotcha, koma osamasuka.

Atamenya ndi hamala, panagwa mchenga woyera. Ndi wa ku Kande, kumene ndinkalowetsa mawilo m'nyanja kuti malemu mayi anu atsuke galimoto. Ndinaugwira m'manja, n'kumawaona mayi anuwo m'maganizo atapinda chitenje, akuseka, mpaka makaniko anandigwedeza phewa.

Akuti, "Ada, madziwo ndi amene anawononga. Tidule basi."

Akadula, tidikira atsopano ochokera ku Mzuzu, ndipo safika sabata ino. Koma ndinalonjeza kunyamula mdzukulu wanga pa ukwati wake Loweruka lino ku Bandawe, ndipo sindinanamizepo mwana.

Adule, kapena ukwati uyambe wadutsa? Yankhani lero.