Msuzi wa a Levison pa Nsaru

M'mawa uliwonse, ndisanayale n'komwe anyezi wanga, a Levison ankatunga msuzi pang'ono m'kapu n'kundipatsa.

"Talawani, amake Ursula."

Ndinkalawa, mwana ali kumsana, n'kunena kuti uli bwino.

Bambowa anakhala ku Joni zaka naini, akugwira ntchito kwa eni malesitilanti ophika zakudya za Chijapani. Ankati nthambi zinalipo zambiri, koma msuzi umakoma chimodzimodzi kulikonse, ndipo ukasiyana wophikayo amaitanidwa ku ofesi. Iwo ntchito yawo inali kuwiritsa mafupa a nkhumba basi. Mbale yathunthu sankawalola kukonza.

Atabwerera kuno anamanga kashedi pafupi ndi benchi langa pamsika wa Nsaru. Chakudyacho ankachitcha rameni: tizingwe ta ufa wa tirigu tonga supageti, tili mumsuzi woyera wa mafupa, pamwamba theka la dzira ndi masamba a anyezi ogula kwa ine. Anasema ndi timitengo todyera, koma anthu ankapempha sipuni. Akabaza anachikonda, aphunzitsinso ankabwera mwezi ukatha.

Chaka cha korona anadwala milungu itatu. Atadzuka ndinaona kuti akumwa tiyi woiwala kuthira shuga, nkhope osasintha. Mphika wina unapserera ali chikhalire pambali pake. Ndinadziwa kuti lilime ndi mphuno zawasiya. Kupatsana kapu kuja kunayamba nthawi imeneyo.

Msuzi unayamba kusokonekera. Lero mchere wowawa, mawa ngati madzi otsukira mbale. Koma munthu wa msinkhu wa bambo anga, woti anaphika mpaka ku Joni, ndikanamuuza bwanji? Ndinkayang'ana pansi.

"Uli bwino."

Akabaza analibe nazo ulemu.

"Madala, kodi mchere watsika mtengo?" anafunsa a Kenneth, mmodzi wa akabazawo, tsiku lina, akukankha mbale.

"Inu mumadziwa chiyani? Pakamwa panu panazolowera utsi wa njinga zamoto. Amake Ursula alawa, eti?"

"Ee," ndinatero.

"Ndiye azigula okha," anatero a Kenneth, n'kupita ku chiwaya cha tchipisi.

Anthu anachepa pang'onopang'ono. Mafupa ankawagulabe, makala ankayatsabe, madzulo msuzi n'kupatsa agalu a kubutchala. Mvula itayandikira, mwana wawo Kettie anabwera kuchokera ku Kabudula kudzawatenga kuti akakhale naye. Malata a shedi anagulitsa kwa wometa.

Tsiku lonyamuka, katundu ali kale pangolo, anali ataphikabe kamphika kamodzi. Ogula panalibe. Anatunga m'kapu muja, nabwera pabenchi langa, n'kukhala pa thumba la anyezi, zomwe sanachitepo.

"Amake Ursula, ine sindimva kanthu pakamwa pano, ndipo inu mukudziwa. Lero lokha musandilemekeze. Lawani, mundiuze mmene ulili."