A Saini ndi lesi ya patebulo

Bambo anga anaphunzitsa masamu zaka makumi atatu, ndipo atapuma pa ntchito, masamuwo anakana kupuma nawo. Ana asukulu anawapatsa dzina loti a Saini, chifukwa mawu amenewa sankachoka pakamwa pawo. Alendo ankayesa kuti ndi munthu wosayina mapepala ku ofesi. Ayi ndithu. Saini wa bambo ndi nambala yomwe imakuthandiza kupeza utali wa mbali ya chinthu cha makona atatu ukadziwa ngodya yake.

Kunyumba ophunzira tinatsala awiri, ine ndi mayi. Mayi ndi telala, ndipo masamu awo onse ali pa tepi yomwe imakhala m'khosi mwawo.

Tsiku lina mwini hotela anaimba foni. Ankafuna nsalu ya patebulo ya mbali zisanu ndi zitatu zofanana, yokhala ndi lesi m'mphepete monse. Tebulolo linali lisanathe kukhomedwa, choncho anangopereka muyeso umodzi: kuchokera pakati kufika pakona, masentimita 60.

"Nanga lesi ndigula yaitali bwanji?" anatero mayi, akudzilankhulira okha.

Bambo anali pakhonde, koma anamva. Analowa akupukuta magalasi ngati dokotala amene waitanidwa mwadzidzidzi.

"Mayi a ana, takhalani pansi. Zaka zonsezi ndakhala ndikudikira funso limeneli."

Anatenga choko cha mayi n'kujambula pa tebulo lodulirapo nsalu: mizere isanu ndi itatu yochokera pakati, monga amadulira keke.

"Madigiri 360 tikawagawa pa zidutswa zisanu ndi zitatu, chilichonse chitenga 45. Theka lake, 22 ndi theka. Saini wake..." Apa anatsinzina. "0.3827. Tichulukitse ndi 60, kenako ndi 2. Mbali imodzi, pafupifupi masentimita 46. Kuzungulira konse, mamita atatu ndi masentimita 67."

"Ndiye ndigula anayi ndi theka."

"Anayi ndi theka a chiyani? Masamu sanama."

"Sindinati amanama, bambo. Ndati ndigula anayi ndi theka."

Bambo anaumirira kupita okha kusitolo kukagula muyeso wawo womwewo. Wogulitsa anati iye sadula za timasentimita. Bambo anayamba kumufotokozera za ngodya, mpaka munthuyo anadula kuti angochoka.

Mayi anayamba kusoka. Mbali yoyamba inakwana ndendende monga bambo ananenera, ndipo iwo ankayendayenda manja ali kumbuyo, akundiyang'ana kuti ndione bwino. Koma pakona iliyonse mayi ankapinda lesi kuti igone, ndipo kupinda kulikonse kunkadyako pang'ono. Itafika mbali yomaliza, lesi inathera panjira.

Makina analeka kulira.

"Makona anuwa akudya lesi," anatero bambo.

"Makona anga? Anajambula ndani?"

Ndinaganiza kuti bambo akwiya, koma anakoka mpando n'kukhala pafupi ndi makina.

"Kona imodzi ikudya zingati?"

"Zala zitatu."

"Zala za ndani?"

Mayi anawapatsa dzanja, uku akubisa kuseka. Bambo anavula tepi m'khosi mwa mayi, nayeza zalazo mosamala kwambiri, n'kulemba nambala pambali pa chojambula chawo.

Atatero anavala jekete n'kubwerera kusitolo. Anabwerako ndi mita yathunthu, osanenapo kanthu za mmene wogulitsa anawalandirira. Mayi anabisa polumikiza pakona, moti mwini hotela sanapaone.

Kuyambira pamenepo, aliyense akabwera ndi funso la muyeso, bambo amawerengera bwinobwino mpaka kumapeto, kenako amaloza kuchipinda chosokera.

"Nambala iyi ndi yanga. Pitani mukafunse aphunzitsi akulu zoti muwonjezere."