Pulogalamu ya Alamu Itasiya Kuvuta

Alamu anga, amuna a achemwali, ankagwira ntchito yokonza makompyuta pasukulu ina ya sekondale. Munthu wodandaula ngati iwo sindinamuonepo. Koma ine ndinkawadziwa bwino, kudandaula kwawoko kunali kudzitama kobisa.

Adakali mnyamata analemba pulogalamu yokonzera ndandanda ya maphunziro, yoti mphunzitsi asapezeke m'makalasi awiri nthawi imodzi. Anaiika pa intaneti kwaulere kuti aliyense aitenge, aiwerenge, aikonze mmene angafunire. Inafala, ndipo anthu ena akutali anayamba kuwathandiza kuilemba. Vuto linali pomanga. Pulogalamu imakhala tizidutswa tambirimbiri, ndipo pamafunika chida china chotilumikiza kuti ituluke yogwira ntchito. Chida chimenecho alamu anachita kudzipangira, n'kumachiika zigamba chaka ndi chaka, mpaka chinafika pomvera iwo okha basi.

Choncho mauthenga sankatha. Uyu akuti yakana kumangika, uyo akuti yaima pakati. Alamu ankakhala pakatebulo ka pakhonde, magalasi ali pamphuno, tiyi akuzizira, uku akung'ung'udza.

"Anthu awa andipha ine! Kuwerenga malangizo sadziwa kodi?"

"Asiyeni tsono, alamu," ndinkatero ine.

"Aa, ndikawasiya apita kwa ndani?"

Ankayankha aliyense. Akathana ndi vutolo ankafunsa za kunyumba, ndipo ankadziwa amene wangokwatira kumene, amene bambo ake akudwala, amene mwana wake wayamba kuyenda. Ena anacheza nawo zaka zambiri osaonana nkhope. Kupatula amenewa, alamu analibe anzawo. Kumpira sankapita, kumowa ayi, ndipo maneba ankangowadziwa ndi chifuwa chawo.

Chaka china anadwala n'kugonekedwa m'chipatala, ndipo pulogalamu inagona nawo. Panalibe wotha kutulutsa yatsopano. Atachira, mtsikana wina wa m'gulu la othandiza lija anawalembera mwaulemu kuti bwanji asamukire ku chida chomangira chimene anthu ambiri amachidziwa. Achemwali sanazungulire.

"Bambo, mutu umodzi susenza denga. Mukufuna mudzapite nayo kumanda pulogalamuyi?"

Anavomera, ndipo sanachite mokakamizika ayi. Ntchito yosamutsayo anaigwira ndi mtima wonse. Anamasula zigamba zija chimodzichimodzi, chilichonse n'kuchipezera malo pa chida chatsopanocho, osasiya kanthu koti wina adzavutike nako. Atamaliza, munthu ankangolemba mzere umodzi, pulogalamu n'kumangika yokha. Mawu othokoza anabwera ambiri, ndipo alamu anatiwerengera onse, ngakhale amene sitinapemphe.

Kenako kunangoti zii.

Palibe anawanyoza, palibe anawachotsa pagulu. Kungoti anthu analibenso chowafunsa, ndipo macheza onse aja ankabwera ataberekedwa kumsana kwa mafunso. Kulemba moni wopanda nkhani alamu ankachita nako manyazi, ati n'kusokoneza anthu ali pantchito. Anzawo aja nawo mwina ankaganiza kuti mkuluyo amupumitse. Poyamba ndinkawaseka kuti mpumulo ankaulirira uja ndi umenewu, koma nthabwalayo sinkawafika. Tiyi anayamba kumwa wotentha, n'kumaonda. Kunena zoona zimandimvetsa chisoni mpaka lero, chifukwa munthuyu anachita chinthu choyenera, ndipo anachichita bwino kwambiri.

Loweruka lina masana ndinawapeza pakhonde paja ali gwa pa kompyuta. Gulu lija linali litatulutsa pulogalamu yatsopano, ndipo iwo anamva pachilengezo ngati wina aliyense. Anaitenga, analemba mzere umodzi uja, n'kusendeza mpando.

"Khalani apa muone, alamu. Penapake ikana ndithu. Anawa sangalephere kuiwala kenakake."

Nkhope inali itawala ngati kale. Pambali anali atatsegula kale polembera uthenga wopita kwa mtsikana uja, moni atalemba, atafunsanso za amayi ake, kungotsala kulemba chimene chalakwika. Tinayang'ana mizere ikutsika pa kompyutapo. Inatsika mpaka pansi osaima paliponse, pulogalamu n'kutseguka bwinobwino.

"Agwira ntchito anawa," anatero alamu, mawu ali pansi.

Anavula magalasi n'kuwapukuta ndi malaya nthawi yaitali. Atawavalanso anafufuta moni uja.