Kanungu ka Mwawi

A Lucius Zangaphee ndi munthu wa ku Balaka, wamfupi, wa dazi lofika pankhongo. Amagwira ntchito panyumba ina yosungira okalamba ku Maryhill, mumzinda wa Glasgow ku Ulaya, kusambitsa anthu, kuwaveka, kuwadyetsa ndi supuni. Ntchitoyo amaigwira bwino, ngakhale pakamwa pawo sipasowa dandaulo la mabasi. Kutchalitchi amakhala benchi yakumbuyo kuti Ameni akangomveka atuluke wina asanawafunse za banja.

Banjalo linatha. Panalibe ndewu, panalibe chibwenzi, mashifiti anangolidya pang'onopang'ono ngati chiswe. Akazi awo a Theresa, amene ndi namwino, anasamukira ku Dennistoun ndi mwana wawo mmodzi yekhayo, Mwawi, ndipo anagwirizana kuti mwana azibwera kwa bambo ake Loweruka. Koma mtsikana akayamba kusinkhuka Loweruka limapeza eni ake: lero netibolo, sabata yamawa phwando la mnzake, kenako mutu. Akabwera ankangokhala pasofa kukanda foni. Bambo akafunsa m'Chichewa, iye ankayankha m'Chingerezi chake cha ku Glasgow chomeza mawu chija. A Zangaphee anaona kuti mwana akuwapulumuka m'manja, ndipo zinkawapweteka.

Thandizo linabwera ndi kanungu. Inde, kaminga kaja, kamene kwathu ana amakagubuduza ndi ndodo. Kuno amakaweta m'nyumba, ndipo Mwawi analirira mpaka mayi ake anamugulira. Atafika nako, mwini nyumba wa ku Dennistoun anati chiweto ayi. Ndiye khola linakwera masitepe a ku Maryhill, ndipo kuyambira pamenepo Mwawi sanajombenso Loweruka. Nthawi zina ankatulukira ndi Lachitatu lomwe akaweruka kusukulu. Kanunguko anakatcha Bisiketi. A Zangaphee ankadziwa bwino lomwe amene mlendo akumubwerera, koma anati bola akubwera.

Malamulo anaika ndi mwana. Bisiketi azidya chakudya chake chouma, koma madzulo azipatsidwa tizilombo tamoyo, ziwala kapena mphutsi, zogula kusitolo ya ziweto basi. Zamoyo, chifukwa kanungu kamafuna kuthamangitsa kokha ndiwo yake, apo ayi kamanenepa n'kuchita ulesi.

Tsiku loyamba kusitoloko a Zangaphee anagwira pakamwa. Ziwala m'kabokosi ka pulasitiki, zili pashelefu ngati shuga!

"Ine, mwana wa ku Utale, kugula chiwala?" anatero. "Abale anga akamva adzati Ulaya wandizungulitsa mutu."

Anagula ndithu, akung'ung'udza. Mwawi ankapana chiwala ndi kachitsulo, nkhope atakwinya. Bambo ake ankangogwira ndi zala n'kuthyola mwendo umodzi wakumbuyo kuti chisadumphe patali, monga ankachitira ali mwana. Bisiketi ankatuluka m'kanyumba kake mphuno ili m'mwamba, kununkhiza uku ndi uku, kenako khapu! Awiriwo ankagwada pakhola mapewa atagundana, kumvetsera akukukuta. Nkhani zambiri panalibe, koma a Zangaphee zinkawakwanira.

Loweruka lina mu Ogasiti kunawala dzuwa, chinthu chosowa, ndipo anatuluka kukayenda m'mbali mwa ngalande yodutsa mu Maryhill. Atafika pa mpanda wa waya wa malo ena osungirapo katundu, a Zangaphee anaima. M'maudzu munkamveka kaphokoso kamene khutu lawo silinakaiwale.

"Iwe, takhala chete. Ukumva?"

Tinali tiziwala tating'ono tofiirira, toti ku Balaka mwana sangaweramire, komabe ziwala. Anamuphunzitsa mwana wawo: udzere kumbuyo, chithunzithunzi chako chisachigwere, dzanja ulipinde chonchi, usazengereze. Choyamba chinamukanda m'dzanja ndipo Mwawi anakuwa n'kuchitaya. Chachiwiri anachifumbata.

"Dad, chiwala! Ndagwira!"

M'Chichewa, anthu inu, popanda womukakamiza. A Zangaphee anaseka mpaka misozi. Anaboola botolo la madzi n'kumaponyamo. Mwana anayamba kufunsa za ku Balaka, mmene ankazikazingira, kaya zimakoma ngati chiyani. Ankati n'zonyansa koma osasiya kufunsa. Pakati pake anakumbukira lamulo lake, n'kunena kuti paja anati za kusitolo zokha.

"Za kusitolo n'zotopa zija," anatero bambo ake. "Kanungu kakutchire amakagulira ndani?"

Udzu wa m'mbali mwa mpandawo unali wouma, mzere wonse mbuu, pamene kwina konse kunali kobiriwira. A Zangaphee anauona ndipo sanadabwe. Kwa munthu wa ku Balaka udzu wouma mu Ogasiti ndi udzu basi, ndiponso ndi mmene mumapezeka ziwala. Kuno, kumene mvula sipuma, udzu ukauma chotero ndiye kuti wina waupopera mankhwala.

Tsikulo a Theresa anabwera kudzamutenga Mwawi msanga, Bisiketi asanadzuke. Mwana anasiya botolo patebulo. "Mumupatse zanga zija, Dad, zonse." Madzulo a Zangaphee anamupatsadi Bisiketi zonse, ndipo anadya mosangalala.

Lolemba Bisiketi sanakhudze mbale. Poyenda ankadzandira, miyendo yakumbuyo ikukwakwaza. A Zangaphee anamukulunga m'thaulo n'kukwera naye basi kupita kwa dokotala wa ziweto. Dokotalayo, mayi wina wofatsa, anafunsa zimene kanyamako kadya. Atamva anapukusa mutu, nati tizilombo takutchire timanyamula zambiri, ndipo ngati pamalopo anathirapo mankhwala, thupi laling'ono chotero silingalimbe. Anayesetsa, koma Lachitatu m'mawa Bisiketi anafa.

A Zangaphee anaimbira a Theresa, ndipo Mwawi anabwera ataweruka, ali mu yunifolomu. Chikwama sanachitsitse kumsana. Anaima pakhola lopanda kanthu, maso ali psuu. Zikuoneka kuti m'basi monse ankawerenga pafoni, chifukwa funso anabwera nalo kale. Analankhula m'Chingerezi, motsitsa mawu, akuyang'ana manja ake.

"Dad, ndi zanga zija? Zimene ndinagwira ine?"

A Zangaphee anawayang'ana manjawo, omwe aja anagwira ziwala. Pantchito pawo anaonapo anthu okalamba akulirira chinthu chimene anachita ali ana, ndipo ankadziwa kuti mlandu wotere suchoka. Ankadziwanso chimene ataye akadzitengera okha mlanduwo. Anakhala pasofa.

"Ayi. Zako sanadye."

"Nanga zinapita kuti?"

"Ndinakazinga ine. Kamchere pang'ono, ndinadya ndekha. Ndinazilakalaka. Ndiye Lamulungu ndinapita kwina, kuseri kwa magalaja uko, n'kukagwira zina. Zimenezo ndiye zamupha."

Mwana anadzutsa mutu n'kuwayang'ana.

"Ndinakuuzani kuti za kusitolo."

"Unandiuza."

"Munadya chakudya cha Bisiketi, iye n'kumupatsa poizoni?"

"Eya, mwanangu."

Apo ndiye analira, kulira kwaukali, ndipo anawanena mawu amene mwana wa kwathu sanena kwa bambo ake. A Zangaphee sanamudzudzule. Atatopa anatuluka, iwo n'kumutsatira mpaka pokwerera basi, iye patsogolo, iwo pambuyo. Basi itabwera anakakhala mbali inayo, kosayang'ana msewu.

Loweruka limenelo sanabwere, lotsatira lakenso ayi. A Zangaphee anatsuka khola n'kulipereka kwa mzimayi wina wokhala m'nyumba ya pansi pawo amene amaweta mbira. Ntchito akugwirabe, za mabasi akudandaulabe.

Patapita masabata angapo a Theresa anaimba foni. Anati mwana ali bwino, akudya, akugona, kusukulu akukhoza. Za Bisiketi amazitchula, koma sadziimba mlandu ayi, mlandu wonse wauika pa bambo ake, ndipo wanena kuti ku Maryhill asamukakamize.

"Koma inunso a Zangaphee, munthu wamkulu, mpaka kudya ziwala za mwana? Mwati ndimuuze chiyani?"

"Mwati akugona bwino?"

"Ee, akugona."

"Basi, musamuuze kanthu."