Chitenje chimene ndinamangirira pa lamba wanu

Bambo a Tadala, lero ndikulongosola zovala kunyumba kwathu kuno ku Area 3, ndapeza chitenje chobiriwira chija ndinavala pa ulendo wathu wa ku Nkhata Bay chilimwe chatha.

Mukukumbuka titakwera boti lopita ku Usisya? Mafunde atakula, ine mwana wa ku Lilongwe wosadziwa kusambira ndinamangirira nsonga ya chitenjecho pa lamba wanu. Anthu anaseka. Inu munangoti, “Mangitsani, mayi a Tadala, tikamira timire limodzi.” Tinafika bwinobwino. Koma matenda atabwera munapita nokha, mwamuna wanga, ine ndili pambali panu pomwepo, ndilibe pomangirira. Nsonga ija idakali yokwinyika mpaka pano. Ndinayatsa simbi kuti ndisite, koma ndalephera.